Mchenga wa Enock

Belu la naini koloko linali litalira kale pamene Loice anatuluka m'nyumba ya a Jameson, ku komboni ya antchito a njanji. Anatuluka chimanjamanja monga momwe analowera. Kumsana anabereka Mildred, mwana wake wa miyezi khumi, ndipo pamwamba pa mbereko anafunda jekete la malemu mwamuna wake. Unali mwezi wa Juni, chaka cha 1938, ndipo mphepo ya ku Bulawayo mwezi umenewu imalowa mpaka m'mano.

A Jameson anamuperekeza pakhomo pokha. Anamuuza kuti angogona konko, pakuti analibe chitupa choyendera usiku, ndipo apolisi akamupeza akagona m'chitolokosi ndi mwana wodwala. Loice anathokoza, nagwada pang'ono monga anamuphunzitsira mayi ake, koma sanabwerere. Mumtima mwake munali ganizo limodzi lokha, lozizira ngati chitsulo cha njanji: ngati mwanayu atsirizike usiku uno, atsirizikire m'nyumba imene anasiya bambo ake ku lokeshoni, osati pamphasa ya eni.

Chimene anayendera ulendo wonsewo chinali mchenga. Supuni imodzi yokha ya mchenga.

Enock, mwamuna wakeyo, kwawo kunali ku Chizumulu, chilumba cha pakati pa nyanja ya ku Nyasalande. Loice anabadwira mu Makokoba, lokeshoni ya mu Bulawayo momwemo. Bambo ake anachokera kumapiri a ku Ntcheu, mayi ake anali a Chindebele, ndipo madzi aakulu amene iye anawaonapo anali a mtsinje wa Mazai ukadzaza mwezi wa Febuluwale. Tsono a kwawo kwa Enock anali ndi mwambo wawo umene sankaulalika. Mnyamata akamakwera bwato kupita kukafuna ntchito, mayi ake ankatapa mchenga pa gombe pomwe waponda komaliza, n'kumumangira. Akabwerako wamoyo ankaukhuthulira pomwepo. Akafera kuchilendo, anzake ankamufumbatitsa mchengawo m'dzanja asanatseke bokosi, kuti mzimu wake uzindikire pokocheza.

Loice sankadziwa zimenezi. Akanazidziwira kuti? Enock anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, munthu wonyamula matumba a chimanga awiriawiri ku shedi ya katundu. Mwamuna wotere sakamba za imfa ndi mkazi wake.

Kachitini ka tiyi kosungiramo mchenga wa Enock, Loice anakapeza chaka chatha pansi penipeni pa bokosi la zovala, akufunafuna singano. Atatsegula anaona mchenga woyera mbee, wosalala ngati ufa wosefa. Mchenga wa ku lokeshoni ndi wofiirira, wokhakhala, umasiya mikwasa pa poto. Iye anangotapako pang'ono, nakwecha sefuliya yake, ndipo inu, sefuliyayo inawala ngati yochokera m'sitolo. Kuyambira pamenepo ankatapako Loweruka lililonse, pang'onopang'ono, mpaka kachitini kanayera. Lamulungu lina Enock ananyamula poto, nadziyang'anira nkhope pamenepo, naseka, n'kunena kuti anakwatira mkazi wosandutsa mapoto kukhala magalasi. Loice ananyada tsiku lonse.

Chibayo chinamutenga Enock m'masiku anayi okha. Nthawi yotseka bokosi itakwana, a Jameson, amene anali mlembi wa bungwe la maliro la anthu a pachilumba, anapempha kachitini ka malemu. Loice sanamvetse, koma anakatenga. A Jameson anatsegula, nayang'ana m'kati, nayang'ana iye. Anamufunsa motsitsa mawu komwe kunapita mchenga, ndipo iye ananena zoona, pamaso pa anthu onse. Mayi wina anaseka kamodzi, kenako anadzigwira pakamwa.

Enock anaikidwa dzanja lili lopanda kanthu.

Tsopano panali patapita masiku khumi ndi awiri, ndipo chichokere kumanda Mildred anakana bere. Ankangomeza timadontho ta madzi a shuga pa supuni. Thupi silinatenthe, m'mimba simunatsegule. Ku kiliniki anamupatsa mankhwala a m'botolo, koma sanathandize. Choopsa koposa, mwanayo analeka kulira. Ankangoyang'ana, maso ndee, kumbuyo kwa phewa lamanzere la mayi ake, ngati pali munthu waima pamenepo. Amayi a pa mpopi ankanong'onezana kuti Enock wasowa njira ya kwawo, ndiye akubwerera kukhomo lokhalo limene akulidziwa, ndipo munthu wosungulumwa sachoka yekha.

Loice sananene kuti akukhulupirira, sananenenso kuti sakukhulupirira. Iye mwini anali asanalire chifere mwamuna wake. Ankadzuka, kusesa, kutunga madzi, kuika mwana pabere, mwana n'kutembenuza mutu. Zonse ankaziona ngati zikuchitikira mkazi wina wa nyumba yoyandikana.

Kwa a Jameson anapempha atagwada. Iwo anamuyankha mofatsa kuti mchenga wawo ndi wa mbali ya kum'mawa kwa chilumba, kumene mphepo ya mwera imamenya, mchenga wotuwa, wa timiyala. Enock kwawo kunali kumadzulo, pa kagombe kobisika kamene eni ake amati Kukhola. Kumupatsa wa kum'mawa kukanakhala kumutumiza kukakocheza pa mafunde, pakati pa alendo. Wa Kukhola wina m'Bulawayo monse munalibe, ndipo kalata kupita kuchilumba ndi kubwerako ndi miyezi itatu. Akunena zimenezi, akazi awo a Dorah anayankhira kuseri kwa nsalu yotchinga chipinda, akumutcha makoti, ndiye kuti mtengwa pa Chindebele.

"Ngati akufuna wotsukira mapoto, muuzeni makoti wanuyo kuti phulusa lilipo pa moto apo. Atape."

Ndi mawu amenewo amene anamutulutsa Loice usiku uja.

Njira inayamba ndi kutsata mpanda wa njanji. Kuseri kwake injini inkakankha mabogi, gu, gu, gu, fungo la malasha lili tolo. Kumeneko n'kumene Enock ankagwira ntchito, koma Loice anadutsa osatembenuka. Mapazi khumi alionse ankapisa dzanja kumbuyo, n'kugwira kaphazi ka mwana. Kozizira. Ankaimirira, n'kudzigwira mpweya kuti amve kupuma kwa Mildred pamsana pake. Kunalipo, koma kochepa ngati kwa kamwana ka mbalame.

Nyali za njanji zinatsala m'mbuyo. Mwezi unali theka, wokwana kuonetsa fumbi la m'njira ndi mithunzi ya minga. Apa njira inkatsetsereka kupita ku Mazai, kumene kunali kamlatho ka matabwa. Kutsidya kwake, kudzanja lamanja, kunali mitengo ya bulugamu ndi manda a anthu akuda. Ukapitirira manda, ndiye mizere yoyamba ya nyumba za lokeshoni.

Apolisi ankawaopa, inde, koma ngati munthu woopa mvula ali kale m'madzi. Manda sankawaopa. Kumeneko kunali mwamuna wake.

Ataponda thabwa loyamba la mlatho, anamva madzi.

Tsaa... tsaa...

Anaima. Mazai anali ataphwa chiyambire Epulo. Pansi pa mlatho panali miyala, zitini zakale ndi mchenga wouma basi. Koma phokosolo linalipo, lofewa, lobwerezabwereza, ngati madzi a m'beseni lalikulu akunyambita m'mphepete.

Tsaa... tsaa...

Kumapeto kwa mlatho kunaima munthu.

Sanali wapolisi. Anali mnyamata wamsinkhu wa Enock, wa kabudula ndi malaya opanda manja, wopanda nsapato, wopanda jekete m'chisanu chonsecho. Sankanjenjemera. Dzanja lake lamanzere linali lopanda chala chaching'ono. Loice anaona zimenezi zonse bwinobwino, pakuti maso ake anazolowera kuona tinthu tating'ono, koma mumtima simunagwedezeke kanthu.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero munthuyo, ngati kuli dzuwa. "Tiyeni. Madzi akadali bata."

Chinyanja chake chinali chokoka mawu, cha kunyanja, chomwe chija Enock ankalankhula akaiwala kuti ali m'tauni. Loice anayankha moni ndi mutu, nadutsa. Munthuyo anayamba kuyenda naye kudzanja lamanja, patsogolo pang'ono, ngati wolondolera njira.

Ndipo anayamba kulankhula, maso ali kutsogolo.

"Ukafika usalowere kum'mawa. Mwezi uno mwera wakwiya, ukuphwanyira mabwato pa miyala. Uzungulire kumadzulo, phiri likhale kudzanja lako lamanja. Upalase mpaka uone mlambe uja unang'ambidwa ndi mphezi. Ukauona, leka kupalasa mwamphamvu."

Loice anangoyendabe. Anaganiza kuti ndi woledzera wochokera ku bhawa, koma fungo la mowa panalibe. Panali fungo lina, la miyala yonyowa ndi nsomba zaziwisi.

Munthuyo anapitiriza. Anati pansi pa mlambewo pali matanthwe awiri aakulu oyang'anizana, oyera pamwamba ndi zitosi za mbalame, ndipo pakati pake pamadutsa bwato limodzi lokha. Anati podutsa usayende pakati penipeni, pakuti pali mwala wobisala umene unamudya chala iye. Uyende chakumanzere, mpaka nkhafi izikhudza thanthwe. Ukangolowa, anatero, mphepo imatha ngati wina watseka chitseko. Mwera umadutsa pamwamba pa phiri osatsika, mpoto umaswekera pa matanthwe akunja, ndipo m'kati madzi amagona chaka chonse. N'chifukwa chake amati Kukhola.

Kukhola! Dzinalo linamugunda Loice pachifuwa ngati chibakera, koma miyendo yake sinaime.

Anati kuchokera pa gombe ungayende mapazi makumi asanu madzi ali m'mawondo, ukuona zala zako za kuphazi ndi tinsomba tabuluu tikudutsa pakati pake. Pamene madzi ayamba kuda, pamenepo ndiye pakuya, ana sapitirirapo. Ng'ona kulibe, chifukwa kulibe bango. Pakona ya kumpoto amayi amaviika chinangwa, pakona ya kumwera pali kasupe wotuluka pansi pa mwala, wozizira ngakhale mu Okutobala. Ndipo mchenga wake, dzuwa likafika paliwombo, umawala mpaka kutsinzinitsa maso, umalira kuphazi ukauponda, ndipo chilumba chonse kulibenso wosalala ngati umenewo.

Loice anayang'ana pansi. Pa fumbi louma la mu Juni, paliponse pamene munthuyo waponda pankatsala phazi lonyowa.

Chinamuvuta kwambiri sichinali mapaziwo ayi, koma chinthu chaching'ono: mlendo ameneyu ankamutchula kuti iwe. Iwe, kwa mkazi wa mwini, wa mwana kumsana, wovala zakuda. Ndiye anatsegula pakamwa.

"Pepani, bambo. Ine ulendo wa kunyanja ndilibe."

Munthuyo anatembenuka koyamba. Nkhope yake inali yofatsa, ya munthu wotopa pang'ono. Koma maso ake sanagwere pa Loice. Anapitirira phewa lake lamanzere.

"Si inu ndikuuza, mayi. Ndikuuza uyo ali kumbuyo kwanuyo."

Mphepo inaleka.

Loice sanacheuke. Khosi linauma ngati mtengo. Pamsana pake anamva kamutu ka mwana kakutembenuka pang'onopang'ono... kumanzere.

Kenako kutsokomola. Kamodzi. Kouma, kothera m'kamluzu.

Ankakudziwa. Anakumva usiku unayi wathunthu.

Anangoyenda. Kumanja mapazi onyowa. Kumanzere, kumbuyo pang'ono, nsapato zolemera za ku shedi... khwa... khwa... khwa.

"Unachoka osayang'ana m'mbuyo, n'chifukwa chake wasokera," munthu uja anali kunena, mawu ake ngati odzudzula mwana. "Ine ndinakusiya ukukwawa pa mchenga umenewu, ukuudya. Ndimakutulutsa m'kamwa ndi chala ichi."

Mnyamata wamsinkhu wa Enock, kumusiya Enock akukwawa? Loice analimva funsolo m'mutu mwake, koma linangodutsa ngati mbalame.

Mitengo ya bulugamu inafika. Munthuyo anakhotera pa chipata cha manda, ndipo Loice anapezeka akutsatira. Anadutsa mitumbira yakale yomira, yopanda maina, imene udzu unaimeza. Anafika kumzere watsopano. Dothi lofiira, mtanda wa matabwa, dzina lolembedwa ndi penti ya njanji.

Munthuyo anatambasula dzanja lake lopanda chala lija. M'menemo munali kathumba ka nsalu yokhuthala ya tanga la ngalawa, kosokedwa ndi ulusi wofiira.

"Kumbani kumutu. Ndi manja."

Loice analandira ndi manja awiri. Kathumbako kanali konyowa, kolemera, ndipo kanali kofunda. Kofunda ngati chinthu chimene chakhala padzuwa tsiku lonse.

Anagwada, mwana ali kumsana. Dothi linali louma gwa, zikhadabo zinathyoka, koma sanamve kuwawa. Anakumba mpaka mkono unalowa kufika m'chigongono. Anamasula ulusi ndi mano. Mchenga unatsika, woyera mbee pa kuwala kwa mwezi, wosalala ngati ufa. Zala zake zinauzindikira nthawi yomweyo. Zinali zitautapa Loweruka lililonse.

Apa anakumbukira nkhope ya a Jameson pamene ankakana, ndipo anafunsa osakweza mutu.

"Nanga inu, bambo, tsiku lanu likadzafika mudzafumbata chiyani?"

"Ine ndinakocheza kale," anatero munthuyo.

Loice anayamba kukwirira. Ndipo pamenepo anamva mbereko ikukokedwa.

Pang'ono poyamba. Kenako mwamphamvu. Mfundo ya pachifuwa inayamba kutsetsereka. Mwana anapepuka... anapepuka ngati wina wamugwira m'khwapa, akumunyamula bwinobwino, mwachikondi, monga Enock ankachitira akaweruka kuntchito.

Loice anaponya manja kumbuyo, nagwira timapazi tiwiri tija. Anagwira ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'thupi mwake. Dothi ndi magazi a m'zikhadabo zinapaka mwana. Sanapemphere. Sanatchule dzina. Anangogwira.

Kukokako sikunaleke.

"Enock." Mawu a mlendo uja anatsika, analimba. "Mwanayo msiye. Bwatoli ndi la anthu awiri basi."

Kukoka kuja kunaima.

Mpweya wofunda unadutsa pa khutu lamanzere la Loice, ngati munthu wausa moyo.

Kenako mwana analemeranso. Thupi lonse linagwera pamsana pa mayi ake, thi!

Loice anakhala chigwadire, maso ali pa dothi. Anamva mapazi anayi akuchoka, awiri ansapato, awiri opanda. Anamva chinthu cholemera chikukhwekhwerezedwa pa mchenga, m'manda mopanda mchenga. Anamva madzi akulandira. Kenako nkhafi ziwiri, imodzi yodziwa, ina yophonyaphonya ngati ya munthu amene wakhalitsa m'tauni.

Chubwi... chubwi... chubwi...

Zinapita kutali, mpaka zinasakanikirana ndi masamba a bulugamu. Mphepo ya Juni inabwerera, yozizira monga kale. Atakweza mutu, panalibe munthu. Panali mitanda, udzu, ndi kathumba kopanda kanthu m'dzanja lake.

Ndipo Mildred analira.

Analira kulira kwenikweni, kokwiya, kwa mwana wanjala. Loice anamasula mbereko, nakhala pansi pambali pa mtumbira, namupatsa bere. Mwanayo analigwira ngati walilanda, mpaka kuluma. Ululuwo unali chinthu choyamba chimene Loice anachimva m'thupi mwake patapita masiku khumi ndi awiri. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, akuyang'ana kakhosi ka mwana kakumeza, kakumeza. Pobwerera kunyumba sanakumane ndi wapolisi ngakhale mmodzi.

M'mawa, dzuwa litangotuluka, a Jameson ndi a Dorah anafika ku lokeshoni. A Dorah anavala mpango wakuda, okonzeka kupeza maliro. A Jameson anali ndi maso ofiira a munthu amene sanagone, ndipo m'thumba la jekete munatukuka kachitini. Anali ataganiza usiku wonse kuti kukocheza pa mafunde kuli bwino kusiyana ndi kusakocheza konse, ndiye anabwera kudzagawa mchenga wawo pakati.

Anapeza Loice atakhala pakhomo, zala zomangidwa nsanza, mwana ali pabere akumenyetsa kaphazi m'mwamba. A Dorah anayang'anitsitsa mwanayo. Loice anawayalira mphasa, nawapatsa moni, ndipo atafunsidwa anafotokoza zonse mwa ndondomeko, ndi mawu osakwera osatsika, ngati akunena za mtengo wa makala. A Dorah anayamba kunena kuti anthu ovutika maganizo amaona zambiri usiku, koma amuna awo sanali kumva. Maso awo anali pa zenera, pamene Loice anayanika kathumba kaja.

Anaimirira, nakatenga. Anakatembenuza. Anayendetsa chala pa ulusi wofiira, pamene msoko unakhota ngati wosoka anali wosaona bwino.

"Munthuyo," anatero a Jameson, "dzanja lake lamanzere linali bwanji?"

"Linalibe chala chaching'ono."

A Jameson anakhala pansi, osati pa mphasa, koma pa dothi penipeni. Anavula chipewa.

Anati dzina lake linali Davison, ndipo anali mlongo wawo wa mayi ake a Enock, atsibweni ake enieni. A Jameson anakwera naye sitima imodzi pochoka kuchilumba, nagona naye chipinda chimodzi ku komboni zaka zisanu ndi chimodzi. Chala chija chinatsala pa mwala wa pakhomo la Kukhola ali mnyamata. Enock pobwera ku Bulawayo anamufunsafunsa, ndipo a Jameson anangomulozera mbali ya manda akale, pakuti malo enieni anali ataiwalika.

"Anapita ndi fuluwenza ija ya 1918, mwezi wa Okutobala," anatero. "Tinkaika anthu makumimakumi pa tsiku, opanda mabokosi, m'mabulangete. Inu munali musanayambe n'kuyenda komwe, mayi a Mildred. Kathumba aka ndinamufumbatitsa ndine. Ndinapinda zala zake zinayi ndi manja angawa, kenako ndinathira dothi."

A Dorah anatambasula dzanja, nakhudza nsaluyo, n'kubweza msanga. Inali itakhala pa zenera chiyambire usiku, m'mphepo youma ya Juni imene imaumitsa bulangete m'maola awiri, koma inali ikadali yonyowa. Anadzipukuta chala pa mpango, ndipo patapita kanthawi anafunsa motsitsa mawu ngati makoti anali atadya kanthu chiyambire dzulo.

Alendo atapita, Loice anagoneka mwana, nakhala kanthawi akumvetsera kupuma kwake. Kenako anatulutsa kachitini ka tiyi kaja pansi pa bokosi. Anatembenuza kathumba kunja kukhala m'kati, nakung'unthira pa pepala timchenga timene tinatsalira m'misoko. Sitinakwane ndi theka la supuni. Anatithira m'kachitini mosamala, osataya ndi kamodzi komwe, natseka, nalemba pa chivundikiro ndi msomali dzina la Mildred ndi la gombe lija, kuti wodzatsegula asadzasowe womuuza.

Poto wa dzulo anali akadali pa mafuwa, wakuda ndi mwaye. Anamutenga, natapa phulusa, nayamba kukwecha. Anakwecha nthawi yaitali, ndipo potoyo sanawale. Anaona timadontho tikugwera pa phulusalo, limodzi, lina, linanso, ndipo panapita kanthawi asanazindikire kuti tikuchokera m'maso mwake.